Rekodi ikuchedwa, mwana akukula

Ambiri a ife amene tili kuno ku Joni timaganiza kuti mlandu wa kukhoti umathera pa chigamulo. Majisitireti akagamula, wina amatuluka akusekerera, wina akupukuta misozi ndi chitenje, ndipo wosakhutirayo amauzidwa kuti ali ndi ufulu wochita apilo. Ufuluwo ulipodi, sindikukana. Koma pakati pa chigamulo ndi apilo pali mulu wa mapepala, ndipo popanda mapepalawo khoti lalikulu silingakumvere. Mapepalawa ndiwo rekodi ya mlandu: mawu onse amene anayankhulidwa m'khoti, munthu atawamvetsera pa makina ojambulira mawu n'kuwataipa tsamba ndi tsamba. Pa milandu ya ana ndi ya mabanja, kuchedwa kwa rekodi kukugamula milandu m'malo mwa oweruza. Ndikunena izi chifukwa ndaziona pa achemwali anga.

Sinditchula dzina la munthu, ngakhale khoti limene mlanduwu unachitikira. Gawo 74 la lamulo la ana la kuno, Children's Act ya 2005, limaletsa kufalitsa chilichonse chimene chingaulule mwana amene nkhani yake ili kukhoti la ana, ndipo lamulo limeneli ndimagwirizana nalo. Chimene ndinganene n'chakuti ine ndine mwini mbumba. Kwathu ku Dedza mwana wa mlongo wako ndi wako. Akadwala usiku amadzutsa iwe, fizi ikavuta amafunsa iwe. Kuwoloka Limpopo sikunandivule udindo umenewo.

Achemwali amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzindawu. Alamu ndi telala, amasoka m'kashopu kena ku Fordsburg. Banja lawo linatha popanda ndewu yaikulu, linangozilala, ndipo mwana wawo wamkazi anatsala ndi mayi ake. Tchuthi cha Disembala alamu anamutenga kuti akadye naye Khrisimasi. Januwale atafika sanamubweze. Anapita kukhoti la ana kukapempha kuti mwanayo azikhala ndi iwo, ponena kuti mayi ake amagona kuntchito ndipo pakati pa sabata amamusiya kwa aneba. Sindiwanamizira alamu, zimenezo zinali zoona nthawi ina. Koma pamene mlandu unkamvedwa, achemwali anali atagwirizana kale ndi adona awo kuti aziweruka madzulo, atapeza chipinda ku Rosettenville pafupi ndi sukulu, ndipo kalata ya adonawo inali m'chikwama.

Milandu ya kukhoti la ana imamvedwa chitseko chili chotseka. Gawo 56 limalola eni mlandu, maloya awo ndi ena amene khoti lawavomereza basi. Ine ndinkakhala pabenchi pakhonde, pakati pa azimayi obereka ana kumbuyo ndi azibambo ofumbata maenvelopu abulauni. Zimene zinayankhulidwa mkatimo sindinazimve. Mlandu unkaimitsidwa n'kuyambiranso. Tsiku lina womasulira Chichewa sanapezeke, tsiku lina lipoti la a zachisamaliro cha ana linali lisanafike. Potsiriza chigamulo chinati mwana azikhala ndi bambo ake, mayi azimutenga kumapeto kwa sabata, sabata imodzi n'kudumpha ina. Chifukwa chachikulu chimene majisitireti anapereka chinali chakuti mayiyo alibe malo okhazikika ogona ndi mwana.

Titatuluka, achemwali anandigwira mkono pamasitepe. "Achimwene, za chipinda chija ndinanenatu ine. Kalata ndinapereka m'manja mwawo." Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero ndimawakhulupirira. Koma kukhulupirira mlongo wako si umboni. Mwina ananena, womasulira n'kufupikitsa. Mwina womasulira anafikitsa zonse, majisitireti n'kuziona zopepuka. Mwina chifukwa cha mantha achemwali anazinena mozungulira. Chimene chikanathetsa mkangano umenewu ndi chimodzi chokha, makina aja amene anali patebulo la kalaliki akujambula mawu.

Loya amene anatithandiza ndi mtsikana wa ku ofesi ina yothandiza anthu osauka mwaulere. Anatikhazika pansi n'kutiwerengera masiku papepala. Gawo 51 la lamulo la ana limalola apilo kupita ku khoti lalikulu, High Court, ndipo imayenda ngati apilo ya mlandu wamba wochokera kwa majisitireti. Uli ndi masiku 10 opempha kuti majisitireti alembe zifukwa za chigamulo chake, masiku 20 olembetsa apilo, kenako masiku 60 oti apiloyo uyiyendetse, upemphe tsiku loimvera rekodi ili m'manja. Awa ndi masiku a khoti, Loweruka, Lamlungu ndi maholide sawerengedwa. Masiku 60 akadutsa apilo imafa yokha. Kuti idzuke uyenera kulemba pempho lina lolumbirira, lofotokoza chimene chakuchedwetsa, ndipo majaji akhoza kulola kapena kukana.

Majaji a khoti lalikululo, ku Pritchard Street, saitananso mboni. Saona nkhope ya mayi, samva mmene mawu ake akunjenjemerera. Amawerenga basi. Zimene zili papepala ndizo zinachitika. Zimene zasowa papepala, kwa iwo sizinanenedwe.

Apa m'pamene mtima wanga umawawira. Masiku amawerengedwa pa iwe, koma rekodi siili m'manja mwako. Makina ndi a boma, chipinda ndi cha boma, woyatsa makinawo ndi wa boma. Kutaipa nakonso khoti silichita lokha, ntchitoyi inaperekedwa kwa makampani apadera. Ukapita kwa kalaliki amakulozera ku kampani. Kampani imafuna nambala ya mlandu, madeti onse amene mlandu unalowa ndi chipinda chimene unamvedwera. Imapempha mawu ojambulidwa kukhoti, ikawalandira imayeza kutalika kwake n'kukupatsa mtengo, ndipo sayamba kutaipa usanalipire dipoziti. Popeza ndi nkhani ya mwana, gawo 66 limatsekeranso fayilo kuti isaonedwe ndi aliyense, motero uyenera kusonyeza kuti ukuifuniradi apilo. Chitetezo chimenechi n'chabwino, koma chimawonjezera siginecha ina yoti uidikire. Paliponse pali munthu amene angakuuze moona mtima kuti iye wachita mbali yake, akudikira mnzake.

Kawindo ka ofesi ya kalaliki n'kakang'ono, galasi lokhala ndi timabowo toyankhulirapo, pansi pake kampata kolowetsera mapepala. Mzere umayamba zitseko zisanatsegulidwe. Mayi wa pawindopo anatsegula buku lalikulu lachikuto cholimba, ngodya zake zitapindika, n'kumayendetsa chala m'mizere yolembedwa pamanja. Achemwali anali atatsamira pagalasi, milomo ikuyenda kuwerenga naye madeti. Onse anapezeka kupatula limodzi. Tsiku limenelo mlandu unasamutsidwira m'chipinda china, ndipo mawu ake sanali pamene ankayenera kukhala. Ndilo tsiku limene achemwali anapereka umboni wawo. Kampani inkati ikudikira khoti. Kukhoti ankati anatumiza kale. Tikaimba foni imangoitana, imelo ya loya wathu ikayankhidwa yankho lake n'lakuti akufufuzabe.

Mayi wa pawindo uja sindimuimba mlandu. Ankagwira yekha ntchito yoyenera anthu angapo, foni ikulira kumbuyo, anthu akugogoda pagalasi. Tsiku lina anasiya nkhomaliro yake n'kupita kuchipinda chosungira mafayilo kukatifufuzira, anabwerako siketi ili mbuu fumbi. Vuto silili pa iye. Lili pa dongosolo limene silinaike munthu aliyense woti akafunsidwe rekodi ya mwana ikachedwa.

Ndalama nazo zinatipweteka. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuno anafika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo ogwira ntchito m'nyumba ambiri amalandira pafupi ndi pamenepo, ena kuchepera. Mtengo umene kampani inatipatsa unaposa malipiro a achemwali a mwezi wathunthu. Pamwamba pake, tsiku lililonse lopita kukhoti ndi tsiku lodulidwa kuntchito, kuphatikizapo ya takisi popita ndi pobwera. Anzathu a chipereganyu anavomera kuti achemwali alandire msanga, asadikire mwezi wawo. Ine ndinaimika ndalama ya feteleza imene ndimatumizira amayi kumudzi, ndipo chaka chimenecho munda wa kudambo anangolima theka. Onani mmene pepala losowa mu ofesi ya ku Johannesburg limafikira mpaka m'nkhokwe ya ku Dedza.

Abusa athu, pofuna kutilimbitsa mtima, anauza achemwali pambuyo pa mapemphero kuti, "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ananena mwachikondi ndipo achemwali anayamika. Koma ine pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti kudekha kumeneku akulipira ndani. Munthu wamkulu akhoza kudikira chaka, n'kutuluka ali yemweyo. Mwana wa zaka 6 akadikira chaka amatuluka munthu wina.

N'chifukwa chiyani marekodi amasowa kapena kuchedwa chonchi? Zifukwa zina aliyense wokhala kuno akuzidziwa. M'zaka za 2022 ndi 2023 magetsi ankathima pafupifupi tsiku ndi tsiku, nthawi zina maola ambiri patsiku, ndipo makhoti ang'onoang'ono ambiri analibe majenereta odalirika. Magetsi akathima makina ojambulira amaima, milandu imaimitsidwa, ntchito imaunjikana, ndipo mulu umenewo sutha tsiku limene magetsi ayaka. Mu Seputembala 2021 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a dipatimenti ya boma ya zachilungamo, Department of Justice and Constitutional Development, moti maimelo anaima ndipo ndalama zothandizira ana zimene zimadutsira kukhoti zinachedwa kufika kwa azimayi. Mu 2023 bungwe loteteza zinsinsi za anthu la Information Regulator linagamula kuti dipatimentiyo ilipire chindapusa cha R5 miliyoni pa nkhani yomweyo ya chitetezo cha makompyuta. Kuwonjezera apo pali zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku: maikolofoni yakufa imene palibe waizindikira, mawu osungidwa pa nambala yolakwika, majisitireti wogwirizira amene nthawi yake yatha wapita kwina.

Chodabwitsa n'chakuti ku High Court ya ku Gauteng mapepala a milandu anayamba kuikidwa pa intaneti kudzera pa CaseLines kuyambira 2020. Loya amatha kutsegula fayilo ali muofesi yake ku Sandton. Koma milandu ya anthu ngati ife imayambira pansi, kwa majisitireti, kumene fayilo ikadali chikuto chapepala chomangidwa ndi kachingwe. Luso lamakono linayambira kumene kuli makampani ndi maloya odula, ndipo kumene kuli ana a anthu wamba likufika mochedwa.

Miyezi itapita, masiku 60 aja atadutsa kalekale, mawu a tsiku losowa lija anapezeka ndipo rekodi inatuluka. Tinakailandira ngati mwana wobadwa kumene. Loya wathu anaitsegula tili pomwepo n'kupita molunjika pa umboni wa achemwali. Mafunso a majisitireti anamveka onse. Mawu a alamu anamveka. Koma pa mayankho a achemwali, malo ambiri wotaipa anangolemba kuti mawu sakumveka. Funso lonena za kumene amagona lilipo, yankho lake layamba bwino, pakati paduka, kenako funso lina. Dzina la Rosettenville likuoneka kamodzi, lili lokhalokha pakati pa mipata. Kalata ya adona ija inatchulidwa, koma m'fayilo munalibe.

Ndikudziwa chimene chinachitika, chifukwa achemwali ndimawadziwa. Analeredwa ngati akazi ambiri a kwathu, kuti pamaso pa akuluakulu suyankhula mokweza, suyang'ana munthu m'maso, umaweramitsa mutu. M'khoti anachita chimodzimodzi, kupereka ulemu. Womasulira naye anaima pambali pawo n'kumayankhula chapansipansi atatembenukira kwa iwo, maikolofoni ili uko. Palibe amene anawauza kuti ayandikire. Ndipo dziwani kuti mu 2017 akuluakulu a makhoti a dziko lino, motsogozedwa ndi Chief Justice Mogoeng Mogoeng, anagwirizana kuti chiyankhulo cha rekodi chikhale Chingerezi. Chichewa chimene mboni yayankhula sichitaipidwa. Chimalowa papepala ndi Chingerezi cha womasulira. Womasulira akapanda kumveka, mboniyo yasowa mu mlandu wake womwe, ngakhale inali pomwepo ikulira.

Rekodi ikakhala yoperewera, lamulo limati imangidwenso. Majisitireti amatulutsa manotsi ake, maloya a mbali zonse amabweretsa awo, eni mlandu amaitanidwa, n'kugwirizana kuti zimene zinanenedwa ndi izi. Pa milandu imene mbali zonse zinali ndi maloya, njirayi imatheka. Koma kukhoti la ana makolo ambiri amalowa okha. Achemwali analibe loya nthawi imeneyo, alamu chimodzimodzi. Panalibe wolemba manotsi kupatula majisitireti yemweyo amene chigamulo chake tikuchitsutsa. Sindikunena kuti angabise kanthu. Ndikunena kuti munthu amalemba zimene waziona zofunika, ndipo dandaulo lathu n'lakuti nkhani ya chipinda sanaione yofunika. Ndiye tikaipeza bwanji m'manotsi ake? Ndipo patapita miyezi yambirimbiri, ndani angakumbukire mawu enieni amene ananena tsiku lamantha ngati limenelo?

Makhoti akuluakulu a kuno anaiganizirapo nkhani ya marekodi osowa, makamaka pa milandu ya upandu. Pa mlandu wa Chabedi mu 2005, Supreme Court of Appeal inati rekodi sifunika kukhala yangwiro, koma ikhale yokwanira kuti apilo iweruzidwe bwino. Pa mlandu wa Phakane mu 2017, Constitutional Court inafafaniza chigamulo cha munthu amene anamangidwa pa mlandu wakupha chifukwa umboni wofunika unasowa mu rekodi ndipo sunathe kumangidwanso. Kumeneko mankhwala alipo. Boma likataya rekodi, womangidwayo akhoza kutsegulidwa chitseko n'kupita kwawo. Nanga pa mlandu wa mwana mankhwala ake n'chiyani? Jaji akhoza kulamula kuti mlandu uyambirenso, inde. Koma sangalamule kuti mwana abwerere pa msinkhu umene anali nawo.

Pamene ife tinkathamangitsa mapepala, mwana uja anayamba sukulu kufupi ndi kwa bambo ake. Anapeza anzake. Mano akutsogolo anaguluka n'kumera ena, mayi ake anangowaona atamera kale. Anazolowera kuti m'mawa amamupesa tsitsi ndi azakhali ake, mlongo wa alamu. Chichewa chake chinayamba kusakanikirana ndi Chizulu cha kusukulu. Lamlungu lina pomubweza, tili mu takisi, anandifunsa kuti, "Amalume, tikupita kwathu tsopano?" Kwathu kwake ankatanthauza kwa bambo ake. Achemwali anayang'ana pawindo osanena kanthu mpaka tinatsika.

Loya wathu sanatibisire. Anati ngakhale majaji atapeza kuti majisitireti analakwitsa, funso loyamba limene adzafunse n'lakuti mwanayo ali kuti panopa, wakhalako nthawi yaitali bwanji, ndipo akuchita bwanji kusukulu. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limati ubwino wa mwana ndiwo uyenera kutsogola pa nkhani iliyonse yomukhudza, ndipo makhoti safulumira kuzula mwana pamalo amene wakhazikika. Ine sindikuwatsutsa pamenepo. Ndikanakhala jaji inenso ndikanazengereza kumuchotsa pasukulu pakati pa chaka. Koma taonani tanthauzo lake. Mwezi uliwonse umene rekodi inachedwa unkalemeretsa mbali ya alamu ndi kupeputsa ya achemwali, popanda umboni watsopano, popanda wina kufunsidwa funso. Mlandu unagamulidwa kachiwiri ndi kalendala, ndipo chigamulo chimenecho palibe anachisainira, palibenso kokachichitira apilo.

Lamulo lenilenilo likudziwa zimenezi. Gawo 6 la Children's Act limanena mosabisa kuti pa nkhani yokhudza mwana, kuchedwa kuyenera kupewedwa mmene kungathekere. Olemba lamulo anaona patali. Koma mawu amenewo amamveka m'chipinda cha majisitireti, safika pa kawindo ka kalaliki kapena pa desiki ya wotaipa, kumene fayilo ya mwana imaima pamzere umodzi ndi milandu ya ngongole ndi ya malonda.

Ndisaiwale alamu. Kuchedwaku kunawakomera pa mlandu, koma sikunawapatse mtendere. Chaka chonse anakhala osadziwa ngati mwana adzakhalabe nawo. Ankafuna kupita naye kumudzi kukaona agogo ake amene akudwala, koma gawo 18 limafuna kuti mwana asatuluke m'dziko muno popanda chilolezo cha onse omuyang'anira. Achemwali ankaopa kusaina apilo ili m'malere, poganiza kuti mwana akawoloka sabweranso. Agogo aja mdzukulu wawo amangomuonera pa WhatsApp. Palibe amene anapindula kwenikweni.

Si azimayi okha, ndiponso si milandu yolimbirana ana yokha. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wogwira ntchito ya m'munda amene khoti linamulamula kupereka ndalama yothandizira ana potengera malipiro amene iye akuti sanalandirepo. Pansi pa lamulo la ndalama zoterezi, Maintenance Act ya 1998, kuchita apilo pa kuchuluka kwa ndalama sikuimitsa kulipira. Lamuloli n'labwino chifukwa ana sangasiye kudya podikira majaji. Koma zikutanthauza kuti rekodi ikachedwa iye azilipirabe mwezi ndi mwezi, akalephera ngongole ikukwera, mwinanso kumangidwa kumene. Kwa mayi amene anamanidwa chikalata chomuteteza ku nkhanza za mwamuna, kudikira rekodi ndi kudikira ali pangozi.

Palinso ambiri amene safika n'komwe pa kawindo kaja. Munthu amene pasipoti yake inadutsa masiku amaopa nyumba iliyonse ya boma, ndipo kupita kamodzi kukhoti amachita kudzikakamiza. Mukamuuza kuti abwerenso, n'kubweranso, amangosiya. Komatu gawo 34 la malamulo aakulu limapereka ufulu wopita kukhoti kwa aliyense, ndipo gawo 28 limanena za mwana aliyense, osati wa nzika yekha. Anthu osiya oterewa salembedwa paliponse. M'mabuku mumangooneka kuti apilo inafa.

Kumudzi mlandu wa banja umakambidwa pabwalo, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, a mfumu ndi nduna zawo akumva. Wina akadzakana mawu ake, pamakhala anthu khumi omukumbutsa. Sindikunena kuti kumeneko zonse n'zolungama, akazi ambiri amatsekedwa pakamwa pabwalo pomwepo. Koma chikumbumtima cha mlandu chimakhala mwa anthu ambiri. Kuno chitseko chimatsekedwa pofuna kuteteza mwana, ndipo chikumbumtima chonse chimaikidwa mu makina amodzi. Ngati boma lasankha kutero, liyenera kusamala makinawo koposa mmene likuchitira.

Zimene ndikupempha si zozizwitsa. Mlandu wa mwana ukatha tsiku limenelo, kalaliki amvetsere pang'ono ngati mawu ajambulika, eni mlandu asanatuluke pageti. Mboni ndi womasulira auzidwe kuyandikira maikolofoni, monga mmene amauzidwira kulumbira. Kampani yotaipa ipatsidwe malire a masiku pa mafayilo a ana, ndipo ikawaphonya pakhale chilango chimene chikumveka m'thumba mwake. Kholo limene silingakwanitse mtengo lisalipitsidwe, chifukwa rekodi ya mwana si katundu wa kholo, ndi mbali ya ntchito ya khoti. Koposa zonse, masiku 60 asamayambe kuwerengedwa munthu asanalandire rekodi imene anaipempha nthawi yake. Kulembetsa mayi wosauka pempho lopepesa chifukwa cha kuchedwa kwa ofesi ya boma n'kumunyazitsa.

Pakadali pano, aliyense wa kwathu amene wandiuza kuti ali ndi mlandu kukhoti la mabanja ndimamugulira kope. Ndimamuuza kuti alembe deti lililonse, nambala ya chipinda, dzina la majisitireti ndi la womasulira, ndipo madzulo omwewo alembe zimene anafunsidwa ndi zimene anayankha, m'Chichewa momwemo. Kalata iliyonse apange fotokope, yopereka kukhoti idindidwe chidindo ndipo yake asunge. Asadikire chigamulo kuti afune loya: Legal Aid South Africa, ProBono.Org ndi Wits Law Clinic ndi malo amene angayambire kufunsa. Ndipo ndimamuuza kuti m'khoti akweze mawu, ngakhale aone ngati n'chipongwe. Azimayi ena amaseka ndikatero, koma ndimaumirira.

Za achemwali zili motere. Pempho lodzutsa apilo linalowa ndipo tikudikira tsiku. Koma loya wathu anatilangiza kuti tisaike mtima wonse pamenepo. Gawo 48 limalola khoti la ana kusintha lamulo lake lomwe zinthu zikasintha, ndipo tsopano achemwali ali ndi malisiti a lendi a miyezi yonseyi, umboni umene sudalira makina ojambulira. Palinso njira ya gawo 33, yoti makolo agwirizane okha dongosolo la kaleredwe ka mwana, n'kukalilembetsa ku ofesi ya boma yoona za ana pa milandu ya mabanja, ya Family Advocate, kapena kulisandutsa lamulo la khoti. Achemwali poyamba anakana, ankati kutero n'kuvomera kuti anagonja. Anadzasintha maganizo mwana atawauza kuti sakufuna kusiya anzake a kusukulu koma akufuna azigona kwa amayi masiku ambiri. Ndinaimbira malume awo a alamu amene amakhala ku Pretoria, ndipo avomera kubwera Loweruka likudzali kuti tikhale pansi ngati ankhoswe. Achemwali akufuna masiku a pakati pa sabata ndi theka la tchuthi chilichonse, alamu akufuna siginecha ya ulendo wa kumudzi, ndipo zimene tidzagwirizane loya adzazilemba Lolemba.